Alick Nkhata, Mnyamata wa Gitala Amene Anaimba za Kalindawalo

Pakati pa nyimbo zimene Alick Nkhata anajambula pa mbale za galamafoni pali imodzi ya dzina lakuti "Kalindawalo ni Mfumu". Kalindawalo ndiye mfumu yaikuru ya Ansenga a ku Petauke, ndipo munthu ali yense wocokera ku Msanzala, ku Nyimba kapena ku Minga alidziwa bwino dzinali. Koma Nkhata sanali Mnsenga ai. Iye anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate wace anali Mtonga ndi amai wace anali Mbemba. Tsono nkhani ino ifotokoza m'mene mnyamata wa kumpoto anafikira poimba za mfumu ya kum'mawa, ndi kumene anatenga kaimbidwe kace.

Gitala ndi coimbira cacilendo. Cinafika m'maiko ano ndi amalonda, asilikali ndi anthu obwerera ku nchito ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Pamodzi ndi gitala panafikanso galamafoni ndi mbale za ku America. Mwa oimba a pa mbalezo, amene anthu anamkonda koposa anali Jimmie Rodgers, Mzungu wa ku Mississippi. Iyeyu anayamba wagwira nchito pa njanje, ndipo kumeneko anamva kaimbidwe ka anthu akuda kochedwa blues, nakasakaniza ndi nyimbo za Azungu a kumidzi zochedwa country. Anajambula mbale yace yoyamba mu 1927, namwalira ndi cifuwa cacikuru mu 1933. Anyamata a kuno sanali kumva Cingerezi conse ca m'nyimbozo, koma anaona kuti munthu mmodzi yekha, ndi gitala lace, akhoza kudandaula za ulendo, umphawi ndi cikondi, anthu namumvera. Ici cinali cinthu cimene iwo anacidziwa kale kwao.

Pakuti ku Unsenga mnyamata woyenda yekha pa njira anali kudzisangalatsa ndi kalimba. Mu 1961 John Blacking, wophunzira za nyimbo, anajambula oimba kalimba m'boma la Petauke, napeza kuti nyimbo zao zimabadwa m'kayendedwe ka zala zazikuru ziwiri zimene zimalandizana pa tizitsulo. Pa gitala anyamata ambiri a m'Africa muno anacita zofanana. Cala cacikuru cimagunda nsambo zonenepa za mau akuru, monga ng'oma yosunga mayendedwe, pamene cala ca mkombaphala cimakodola nsambo zazing'ono zimene zimayankha woimbayo. Cotero gitala limodzi limamveka ngati anthu awiri kapena atatu. Coimbira cinali ca kutsidya kwa nyanja, koma manja anali a kuno.

Anthu amene anafuna nyimbo zotere anali ambiri. Msonkho unacotsa amuna m'midzi, ndipo pamene migodi ya mkuwa inatseguka, monga Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, kenaka Nkana, Mufulira ndi Nchanga, Ansenga ambiri anaoloka Luangwa kupita kumadzulo, ena nalowera kumwera ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. M'makomboni munakumana Abemba, Alamba, Alozi, Angoni, Acewa ndi Ansenga, ali yense ndi cinenero cace ndi magule ace. Ng'oma ifuna mudzi wathunthu wodziwa gule mmodzi. Gitala lifuna munthu mmodzi ndi khonde lokhalapo.

Nkhata anaphunzira za uphunzitsi, koma pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analowa usilikali, nafika mpaka ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, amene anali kuyendera maiko ambiri ndi makina ojambulira mau, kusonkhanitsa nyimbo za mitundu ya anthu. Ulendo umenewu ndiwo unali sukulu yace yeni-yeni. Mnyamata amene akadangotsanza oimba a ku America anaphunzira kukhala pansi pamaso pa nkhalamba za m'midzi, kumvetsera bwino, ndi kufunsa tanthauzo la mau ali onse. Nyimbo zimene Tracey anasonkhanitsa zisungidwa kufikira lero ku International Library of African Music, nyumba imene iye anaikhazika mu 1954, ndipo tsopano iri pa Rhodes University ku South Africa.

Mu 1950 Nkhata analowa nchito pa nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, ya Central African Broadcasting, monga wolengeza ndi womasulira. Anafika pa nthawi yabwino. Caka ca 1949 kunayamba kugulitsidwa kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali ngati sefuliya yophikira. Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'boma la Northern Rhodesia, ndiye anakakamira kuti kapangidwe, ndipo kampani ya Ever Ready ya ku Britain inakapanga. Mtengo wace unali £5, batire padera, ndipo sikanafune magetsi. Motero mau ocokera ku Lusaka anayamba kumveka m'nyumba ya wa pamgodi ku Kitwe ndi pa sitolo ya m'mudzi ku Petauke usiku umodzi womwewo.

Wailesi inali kulankhula m'zinenero zingapo, Cinyanja ndi Cibemba pakati pa izo, ndipo woimba wa pamenepo sakadakhoza kutumikira mtundu wace wokha. Nkhata anasonkhanitsa anzace atatu, nakhala gulu la anthu anai. Pambuyo pace gululo linakula, nilichedwa Lusaka Radio Band, ndipo kenaka Big Gold Six. Iwo anatenga nyimbo za m'midzi naziika pa magitala, mau ao nagwirizana mofatsa monga a kwaya. Anapekanso zatsopano zonena za moyo wa m'tauni: "Taxi Driver", "Maggie", "Imbote", limene ndi dzina la mowa wa uci, ndi "Shalapo", mau a Cibemba otsazikira munthu wotsala. Umu ndi m'mene dzina la Kalindawalo linafikira pa mbale. Mnsenga wogona kutali ndi kwao, pakumva mfumu yace ichulidwa pa wailesi, anadziwa kuti m'tauni momwemo mtundu wace uwerengedwa.

Nchitoyi inali ndi minga yace. Nyumba ya wailesi inali ya boma la Azungu, ndipo pa zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, anthu ambiri anakayikira onse ogwira nchito kumeneko. Panalinso msampha wina wa oimba. George Sibanda wa ku Bulawayo, amene Tracey anamjambula mu 1948, anachuka ndi gitala lace m'maiko ambiri, koma mowa unamtha, namwalira asanakalambe. Kuchuka kufulumira kubwera, ndipo mnyamata wopanda mwambo kumamgwetsa. Nkhata anapirira pa nchito imodzi zaka zoposa 20. Pa nthawi yomenyera ufulu anaimba nyimbo zolimbikitsa cipani ca UNIP, ndipo Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, iye anakwera nakhala mmodzi wa akuru a wailesi ya dziko, nayang'aniranso nchito za boma zosunga miyambo.

Mu 1974 anapuma pa nchito, nakakhala pa munda wace ku Mkushi. Pa 19 October 1978 asilikali a boma la Rhodesia anathira nkhondo pa msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe umene unali pafupi ndi mundawo, ndipo Nkhata anaphedwa pa tsiku lomwelo, ali ndi zaka 56. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zace zakale nizitulutsanso, ndipo ku Lusaka mseu umene uli ndi nyumba ya wailesi ya dziko uchedwa ndi dzina lace.

Mnyamata wa ku Msanzala amene wagula gitala akhoza kutolapo nzeru ziwiri pa mbiri imeneyi. Yoyamba ndi yakuti kuphunzira kwa alendo si colakwa, pakuti Nkhata yemwe anamvera mbale za kutsidya kwa nyanja. Yaciwiri ndi yakuti nyimbo za Jimmie Rodgers ali nazo kale eni ace, ndipo dziko silisowa wozibwereza. Koma nyimbo za pa mtondo, za maliro, za cinamwali ndi za kalimba zimene ziri m'mitu ya agogo a ku Unsenga ziribe wina wozisunga. Nkhalamba ikamwalira isanafunsidwe, nyimbo zace zipita nayo kumanda. Wofuna kuchuka ngati Nkhata ayambe wapita kukakhala pa mphasa ya agogo ace, gitala liri pambali.