Ulendo wa ku Gamkaskloof: chigwa chimene chimayesa dalaivala ndi galimoto yomwe

M'mapiri a Swartberg, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, muli chigwa chotchedwa Gamkaskloof. Ambiri amachidziwa ndi dzina la Chiafrikaans lakuti Die Hel, kutanthauza Gehena, ngakhale kuti eni malowo sankalikonda dzinali. Msewu wa galimoto wolowera kumeneko ndi umodzi wokha, ndipo wotulukira ndi womwewo. Ndi wafumbi, wotalika makilomita pafupifupi 37 kuchokera pomwe umapatuka pa msewu wa Swartberg Pass, koma ulendo wake umatenga maola ngati awiri.

Alimi achizungu anayamba kukhazikika m'chigwachi cha m'ma 1830. Kwa zaka zoposa 100 ankayenda pansi kapena pa abulu popita kukagulitsa zipatso zouma m'matauni oyandikira monga Prince Albert ndi Calitzdorp. Msewu unafika m'chaka cha 1962. Ambiri ankayembekeza kuti ubweretsa chitukuko, koma ndi umene unatsegulira anthu khomo lotulukira. Mabanja anasamuka limodzilimodzi, mpaka mlimi womaliza anachoka mu 1991. Lero gawo lalikulu la chigwachi likuyang'aniridwa ndi bungwe losamalira zachilengedwe la CapeNature, ndipo amene amapitako kwambiri ndi alendo okaona malo, pa galimoto za 4x4.

Chimene chimasiyanitsa galimotozi ndi zinzake ndi momwe mphamvu ya injini imagawidwira. Galimoto wamba imakokedwa kapena kukankhidwa ndi matayala awiri okha. Awiriwo akaponda matope kapena miyala yogubuduka amangozungulira pamodzimodzi, ulendo n'kuthera pomwepo. Ya 4x4 imatumiza mphamvu ku matayala onse anayi, kotero kuti akutsogolo akaterereka akumbuyo amakankhabe.

Zambiri mwa galimotozi zili ndi ndodo yachiwiri ya giya, kapena batani, yolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Pa msewu wa phula dalaivala amayenda pa 2H. Akafika pa fumbi, mchenga kapena matope amasinthira ku 4H. Pokwera chitunda chachikulu kapena potsika mtsetse woopsa m'pamene pamafunika 4L, yomwe imachepetsa liwiro koma n'kuchulukitsa mphamvu yofika ku matayala, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Pa galimoto zambiri munthu amayenera kuima kaye asanalowetse 4L. Komanso kuyenda pa phula louma matayala onse anayi atamangidwa pamodzi kumawononga zitsulo zapansi, chifukwa pokhota akutsogolo ndi akumbuyo amafunika kuzungulira pa liwiro losiyana.

Ku Gamkaskloof mayeso enieni ali kumapeto, pa Elands Pass, pomwe msewu umatsika mokhotakhota kulowa m'chigwa, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Apa adani a dalaivala ndi mantha ndi phazi lake lomwe. Munthu akamatsika atapondereza mabuleki nthawi yaitali, mabulekiwo amatentha, mafuta ake amatha kuwira, ndipo pa kona yotsatira amapezeka kuti akuponda koma galimoto siikuima. Njira yoyenera ndi kulowetsa 4L ndi giya yoyamba kapena yachiwiri mtsetse usanayambe, kuti injini ndiyo igwire galimoto. Kuponda klatchi kapena kuchotsa giya potsika ndi kutaya chitetezo chimenechi.

Msewuwu ndi wopapatiza, choncho kupatukirana kumafuna ulemu. Mwambo wa m'misewu ya m'mapiri ndi wakuti wotsika amapereka mpata kwa wokwera, popeza kunyamukanso pa chitunda utaima n'kovuta. Kuliza hutala pa kona yosaoneka kutsogolo kwapulumutsa ambiri. Pa mitsinje ing'onoing'ono yodutsa pa msewu, dalaivala wanzeru amatsika n'kuona kuya kwa madzi ndi mphamvu yake asanawoloke, chifukwa madzi akalowa polowera mpweya wa injini, injiniyo imatha kuwonongekeratu.

Kukonzekera kumayambira kunyumba. M'chigwachi mulibe pothira mafuta, ndipo netiweki ya foni si yodalirika. Woyenda ayenera kunyamula mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, madzi akumwa, tayala lapadera lamphamvu, jeke, pampu ndi chingwe chokokera. Kuchotsako mpweya pang'ono m'matayala kumathandiza kuti agwire bwino pa miyala ndi mchenga, koma ayenera kupopedwanso galimoto ikabwerera pa phula. N'kofunikanso kudziwitsa wina za ulendowo ndi nthawi yobwerera, ndipo kuyenda galimoto ziwiri kumaposa kuyenda nokha. Mvula ikagwa yambiri, kufunsa kaye ngati msewu uli wotsegula kumapewetsa ulendo wachabe.

Zonsezi si zachilendo kwa madalaivala a kuno kwathu. Amene anakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, wokhala ndi makona akuthwa 20, amadziwa kuti phiri silikambirana ndi munthu wothamanga. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Gamkaskloof anthu amapita mwa kufuna kwawo, pomwe m'madera ambiri akumidzi kuno galimoto ya 4x4 ndi ambulansi yonyamula mayi woyembekezera nyengo ya dzinja.

Chimene madalaivala ambiri amaiwala n'chakuti 4x4 imathandiza galimoto kuyenda, osati kuima. Mabuleki ake amagwira matayala anayi monga a galimoto ina iliyonse, ndipo popeza ndi yolemera komanso yaitali msinkhu, siichedwa kugubuduka ikakhota mwaliwiro. Wofika pansi pa chigwa ali bwino ndi amene analowetsa giya yoyenera pamwamba pa phiri.