Kuphunzitsa za Fungo: Gulugufe wa Ntchemberezandonda

Ana a m'sukulu za m'mphepete mwa phiri la Michesi ku Phalombe amazidziŵa bwino mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinasakaza chimanga kufikira maboma 20 analengezedwa kuti ali pa ngozi mu Disembala 2017. Choncho phunziro lathu tiliyambire pomwepo.

Mboziyi imasanduka gulugufe wouluka usiku. Wamkazi amatulutsa fungo loitana, ndipo wamwamuna amalimva ndi tinyanga take, pamene pali tiubweya tokhala ndi timabowo. Fungo likaloŵa limadzutsa mitsempha, uthenga nkupita ku ubongo. Koma likadakhalitsa m'menemo, gulugufe sakadadziŵa ngati akadali m'njira kapena waitaya. Motero m'tinyangamo muli maenzaimu ophwanya fungolo m'kanthaŵi kochepetsetsa. Vogt ndi Riddiford anapeza enzaimu yotere mwa gulugufe wina wa ku America m'chaka cha 1981.

Pophunzitsa, tilembe pabolodi mau pamwamba pa anzake osafufuta, kufikira ana alephere kuŵerenga. Pamenepo tiŵauze kuti enzaimu ndiye chofufutira. Potsiriza tikambirane za misampha ya fungo yotchera m'minda: wamwamuna amatsata fungo lonyenga nakodwa, ndipo mlimi amadziŵa kuti nthaŵi yoyendera chimanga chake yakwana.