Chidindo Chili pa Webusaiti, Koma Wosaona Watsala Panja

Loweruka lina masana ndinali pakhonde ndi alamu anga, laputopu ili pamiyendo pawo, akulembetsa maphunziro kudzera pa intaneti. Alamu angawo anasiya kuona ali kusekondale, koma kompyuta amaidziwa kuposa ine. Amagwiritsa ntchito NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga mokweza zonse zolembedwa pa sikirini, imene inayambika mu 2006 ndipo anaipanga ndi Michael Curran ndi James Teh a ku Australia, onse awiri osaona. Mawu ake alamuwo amawathamangitsa kwambiri moti ine ndimangomva ngati mvula pa malata, koma iwo amatola liwu lililonse.

Dzina analemba bwinobwino, tsiku lobadwa chimodzimodzi. Atafika pakati pa fomu, makina aja anayamba kubwereza liwu limodzi lokhalokha: "button", kenako "button", kenakonso "button". Mabatani atatu opanda dzina. Ine wa maso ndinkaona tizithunzi, kena ka kalendala, kena kotumizira chikalata, kena ka bini yotayamo zinyalala. Iwo anangolota limodzi. Pomaliza anadina potumizira fomu, kunangoti zii. Anadikira pang'ono, n'kutembenukira kwa ine. "Alamu, tandionereni, zapita kodi?" Sizinapite. Bokosi lolembamo nambala ya foni linali litangofiira, popanda mawu onena chimene chalakwika. Pansi penipeni pa tsambalo panali kachidindo konena kuti webusaitiyo ikutsata WCAG pa mlingo wa AA.

Kachidindo kameneko kandisowetsa mtendere kuyambira tsikulo, chifukwa anthu ambiri, ngakhale mabwana amene amasaina macheke olipirira mawebusaiti, amakaona ngati chidindo cha Malawi Bureau of Standards pa paketi ya shuga. Amaganiza kuti kwinakwake kuli bungwe limene linabwera, linayeza, n'kuvomereza. Si choncho. WCAG ndi ndondomeko zimene linalemba bungwe la W3C, lomwe anayambitsa Tim Berners-Lee mu 1994. Zoyamba zinatuluka mu 1999, WCAG 2.0 mu 2008, 2.1 mu 2018, ndipo 2.2 mu 2023. Koma W3C siyendera webusaiti ya munthu, ndipo sipereka satifiketi. Tizidindo take ta A, AA ndi AAA munthu aliyense akhoza kutenga n'kumata pa tsamba lake, ndipo bungwelo limanena poyera kuti silitsimikizira zonena za omatawo. Udindo wonse uli pa mwini tsamba. Satifiketi zimene mumaziona zili ndi riboni ndi siginecha zimachokera ku makampani wamba ochita kawuniwuni. Ena mwa iwo amagwira ntchito yotamandika, ena amangotola ndalama. Ku America kulinso chikalata chotchedwa VPAT, chimene mabungwe a boma amafunsa akamagula mapulogalamu, koma amene amachilemba ndi wogulitsa yemweyo kapena munthu amene wamulemba ganyu. Nazo satifiketi za bungwe la IAAP, monga CPACC ndi WAS, zimachitira umboni munthu amene wakhoza mayeso, osati webusaiti imene wagwirapo.

Chikhulupiriro chimene chazika mizu kwambiri mwa opanga mawebusaiti enieniwo ndi chakuti makina akhoza kuyeza zonse. Mnyamata amatsegula chida choyezera ngati Lighthouse kapena WAVE, amadina, pakangopita kamphindi pamatuluka nambala yobiriwira, iye n'kuijambula kutumizira bwana pa WhatsApp kuti ntchito yatheka. Zida zimenezi n'zabwino ndithu, ndipo ndikanakonda aliyense akanamazigwiritsa ntchito. Bungwe la WebAIM la ku Utah State University lakhala likuyeza masamba oyamba a mawebusaiti 1,000,000 otchuka chaka ndi chaka kuyambira mu 2019, ndipo mu 2024 linapeza kuti masamba pafupifupi 96 mwa 100 alionse anali ndi zolakwika zoti makina akhoza kuziona paokha. Lofala kwambiri linali vuto la zilembo zotuwa zosaoneka bwino, lomwe linapezeka pa masamba anayi mwa asanu alionse. Choncho makina ali ndi ntchito yambiri yoti atithandize.

Koma pali pamene amalekezera. Mu 2017, ogwira ntchito ku Government Digital Service, nthambi ya boma la Britain, anapanga dala tsamba lodzaza ndi zolakwika zoposa 140, n'kuliyeza ndi zida zodziwika bwino chimodzichimodzi. Panalibe chida chimene chinapeza ngakhale theka, ndipo zolakwika zina sizinaoneke ndi chida chilichonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makina akhoza kuona ngati chithunzi chili ndi mawu ochifotokoza kapena ayi, koma sangadziwe ngati mawuwo ali ndi phindu. Chithunzi cha ndandanda ya fizi chikalembedwa kuti "chithunzi 4", makina ambiri amachilola kudutsa, pomwe kholo losaona silinamve kuti teremu ino lilipira zingati. Makina sangakuuzeni ngati mawu olembedwa pansi pa vidiyo akugwirizana ndi zimene munthu akulankhula. Sangadziwenso ngati kazenera kotulukira mwadzidzidzi kaja kamatsekeka popanda mouse. Zimenezi zimafuna munthu akhale pansi, achotse mouse, ayende tsamba lonse ndi batani la Tab, Enter ndi timivi, akuyang'ana ngati akudziwa pamene ali nthawi iliyonse. Kenako atsegule NVDA kapena JAWS pa kompyuta, TalkBack pa foni ya Android, VoiceOver pa iPhone, amvetsere. Akulitsenso zilembo kawiri aone ngati mawu sakukwerana kapena kuthawira kunja kwa sikirini. Ntchito imeneyi imadya masiku, ndipo n'chifukwa chake anthu amaizemba.

Pa kuzemba komweko ndi pamene panabadwira malonda ena. Mwina munaonapo kachizindikiro ka munthu wotambasula manja pangodya ya tsamba, kamene mukadina kamakupatsani mwayi wokulitsa zilembo kapena kusintha mitundu. Ogulitsa ake amalonjeza kuti mukangoika mzere umodzi wa code, webusaiti yonse yakonzeka. Mu Januwale 2025, bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalengeza kuti kampani ya accessiBe ilipire madola 1 miliyoni. Linaiimba mlandu wonamiza anthu kuti chida chake chikhoza kupangitsa webusaiti iliyonse kutsata WCAG. Alamu anga safuna kachizindikiro kowakulitsira zilembo. Ali kale ndi zida zawo zimene anazitchera momwe akufunira, ndipo kanthu kongomatidwa pamwamba nthawi zina kamalimbana ndi zidazo. Batani lopanda dzina limakonzedwa ndi munthu amene akudziwa ntchito ya batanilo, mkati mwa code momwemo. Denga likamadontha, kupaka utoto pa siling'i sikuletsa madzi.

Enanso amati nkhani yonseyi ndi ya anthu osaona basi, ndipo popeza "kwathu kuno sabwera", palibe chodera nkhawa. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa munthu amene walephera kulowa sasiya dzina lake pakhomo. Amangobwerera, inu osadziwa. World Health Organization imati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena kuti 16 mwa 100 alionse padziko, ali ndi ulumali waukulu. Mwa iwo muli osamva, amene vidiyo yopanda mawu olembedwa siwauza kanthu. Muli amene manja awo amanjenjemera kapena anachita sitiroko, ndipo ndi chifukwa cha iwo kuti WCAG 2.2 inaika mlingo woti malo odinapo asachepere mapikiselo 24 m'litali ndi m'lifupi, pokhapokha atatalikirana mokwanira ndi ena. Muli abale athu achialubino, amene ambiri amaona movutikira ndipo amayandikitsa foni kumaso. Kwa iwo lamulo loti zilembo wamba zisiyane ndi pamene zalembedwa pa mlingo wa 4.5 kwa 1 si nkhani ya kukongoletsa ayi. Mwamuna mmodzi mwa 12 alionse, makamaka mwa azungu, amavutika kusiyanitsa mitundu, kawirikawiri chofiira ndi chobiriwira, moti bokosi lofiira lija likanamusokonezanso iye. Onjezanipo agogo amene maso ayamba kuchita chidima, ndi inu nomwe mukamawerenga foni yosweka galasi padzuwa la mu Okutobala pa depoti.

Za AAA ndingonena mwachidule. Ena polemba tenda amafuna mlingo umenewu poganiza kuti zilembo zitatu ziposa ziwiri. W3C yeniyeniyo imalangiza kuti AAA isakhale lamulo la webusaiti yonse, chifukwa pali zinthu zina zimene sizingaufikire. Malamulo a mayiko ambiri amafuna AA. Wogulitsa amene walonjeza AAA pa chilichonse mosazengereza, mufunseni mafunso ambiri.

Chovuta kwambiri kuwauza mabwana n'chakuti ngakhale kawuniwuni wabwino, wochitidwa ndi akatswiri oona mtima, amanena za tsiku limene anachitika lokha. Zili ngati COF ya minibasi: galimoto inayezedwa ili bwino, koma mabuleki akhoza kutha pepala likadali pagalasi. Webusaiti imasintha mofulumira kuposa galimoto. Lero mlembi waika chikalata cha PDF chimene anangochijambula pa sikana, chomwe kwa NVDA ndi pepala lopanda kanthu. Mawa wopanga wasintha malo olipirira ndalama n'kuikapo kamayeso kosankha zithunzi za mabasi kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Satifiketi ija ikadali pakhoma. Komanso owunika sayang'ana tsamba lililonse. Njira imene W3C inatulutsa mu 2014, yotchedwa WCAG-EM, imati asankhe masamba oimira ena onse, awonjezerepo ena otola mwachisawawa, ndipo ntchito iliyonse ya masitepe angapo aitsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mfundo yomalizayi ndi imene ndimaiona kuti ndi mtima wa nkhani yonse. WCAG imanena kuti ngati tsamba limodzi mu ndondomeko yogulira kapena yolembetsera lalephera, masamba onse a ndondomekoyo alephera. Tsamba loyamba la webusaiti imene inavuta alamu anga linali laudongo ndithu. Mwina ndi lokhalo limene linayezedwa. Koma munthu sabwera kudzasirira tsamba loyamba. Amabwera kudzalembetsa, kudzalipira, kudzaona zotsatira za mayeso.

Nanga zoti malamulo sakhudza za pa intaneti? Makhoti anayamba kalekale kuyankha. Mu 2000, Bruce Maguire wa ku Australia, yemwe saona, anapambana mlandu wotsutsana ndi okonza mpikisano wa Olympics wa ku Sydney chifukwa cha webusaiti yawo, ndipo okonzawo analamulidwa kumupatsa madola a ku Australia 20,000. Mu 2008, sitolo za Target ku America zinavomera kulipira madola 6 miliyoni pothetsa mlandu umene inabweretsa National Federation of the Blind. Guillermo Robles anasumira Domino's atalephera kuitanitsa pizza, ndipo mu Okutobala 2019 khoti lalikulu la ku America linakana kumva apilo ya kampaniyo. Ku Ulaya, lamulo la European Accessibility Act linayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025, ndipo limakhudza mabanki, malonda a pa intaneti ndi matikiti a maulendo. Dziko la Malawi nalo linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula intaneti mwachindunji. Pamene ntchito za boma, mabanki ndi sukulu zikusamukira pa foni ndi pa kompyuta, lonjezo limenelo likutiyang'ana m'maso.

Pali kanthu kena kathu kathu kamene wowunika wochokera kutali angakadumphe. WCAG imafuna kuti tsamba lizinena mu code chilankhulo chimene lalembedwa, ndipo cha Chichewa chizindikiro chake ndi "ny". Masamba ambiri a Chichewa amasiyidwa ndi chizindikiro cha Chingerezi momwe anachipezera. Ngakhale chitaikidwa cholondola, alamu anga amamvabe Chichewa chikutchulidwa ndi liwu la Chingerezi, mawu ngati "ng'ombe" ndi "ntchito" akutuluka opindika. Anazolowera kuwamasulira m'mutu, koma chiganizo chikatalika amatopa. Wolemba akafupikitsa ziganizo, n'kuika mitu yeniyeni imene munthu angalumphirepo ndi batani limodzi, wawapeputsira katundu. Palibe chida choyezera chimene chingakuuzeni zimenezi. Amene angakuuzeni ndi iwo eni, ndipo mabungwe ngati Malawi Union of the Blind ndi FEDOMA ali pompano. Akaitanidwa kudzayesa webusaiti, alipidwe ngati akatswiri, osati kungowapatsa botolo la fanta ndi ya thiransipoti.

Munthu akakubweretserani satifiketi, musaikane, koma pemphani lipoti lonse. Onani deti. Onani masamba amene anayezedwa, ngati fomu yolembetsera ndi malo olipirira zilimo. Funsani kuti anayesa ndi pulogalamu iti yowerengera, pa foni yanji, ndiponso ngati pagulu lawo panali munthu amene amaidalira tsiku ndi tsiku. Lipoti loona limakhala ndi mndandanda wa zolakwika, malo ake enieni, ndi tsiku limene adzabwerenso kudzaona ngati zakonzedwa. Ku Britain, malamulo a mu 2018 amakakamiza mawebusaiti a boma kulemba poyera mbali zimene sizikuyenda bwino komanso kumene munthu angakadandaule. Tsamba lotere ndimalikhulupirira kuposa kachidindo kosalala.

Fomu ija tinaimaliza dzuwa litapendeka. Vuto linali laling'ono: nambala ya foni inkafunika kuyamba ndi +265, osati 0. Nditawauza, alamu anakonza okha m'kanthawi kochepa. Koma pa sitepe yotsatira panali potumizira chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi makalata a kuchipatala onena za maso awo, ndipo mabatani opanda dzina aja anabweranso. Anandipatsa laputopu, n'kundiuza foda imene munali makalatawo. Ndinawatsegula limodzilimodzi kuti ndidziwe loyenera, ndikuwerenga zinthu zimene pa zaka zonse za chilamu chathu anali asanandiuzepo.