Maphunziro a Digiri ku America: Njira Yodzera pa Koleji ya Zaka Ziŵiri

M'chaka cha 1958 mnyamata wina wa kumpoto kwa dziko lino, dzina lake Legson Kayira, amene adaphunzira pa sukulu ya Livingstonia, adanyamuka wapansi nalinga ku America kukafuna maphunziro. Atafika ku Kampala adaloŵa m'nyumba yoŵerengeramo mabuku, napeza m'buku lina maina a makoleji a ku America. Adalembera kalata koleji ina ya zaka ziŵiri yotchedwa Skagit Valley College, m'tauni ya Mount Vernon m'chigawo cha Washington, ndipo iwo adamlandira. Adafika kumeneko m'chaka cha 1960. Atachoka pa kolejiyo adapita ku University of Washington kumene adalandira digiri yake, ndipo pambuyo pake adakaphunziranso ku Cambridge, ku England. Mbiri ya ulendowo adailemba m'buku lake lotchedwa I Will Try, limene lidatuluka m'chaka cha 1965.

Njira imene Kayira adadzera, yoyambira pa koleji yaing'ono ndi kukatsirizira ku yunivesite, ndiyo imene ophunzira ochuluka a ku America amadzera kufikira lero. Ena mwa iwo ndi ana a abale athu amene adakhazikika kumeneko, enanso ndi achinyamata athu amene adapita ndi ndalama za makolo ndi za achibale. Njirayi njabwino ndiponso njotsika mtengo, koma ili ndi maenje ake, ndipo ambiri agweramo chifukwa cha kusadziŵa. Nkoyenera tsono kuti makolo ndi ana omwe amvetse m'mene imayendera asanatulutse ndalama.

Chiyambi cha makoleji ameneŵa

Koleji ya boma yakale koposa ya mtundu umenewu, imene ilipobe, ndiyo Joliet Junior College m'chigawo cha Illinois. Idayamba m'chaka cha 1901 ndi ophunzira 6 okha, mwa nzeru za J. Stanley Brown, mkulu wa sukulu ya sekondale ya m'tauniyo, ndi William Rainey Harper, mkulu wa University of Chicago. Maganizo ao anali akuti zaka ziŵiri zoyamba za maphunziro a digiri mwana angathe kuziphunzira pafupi ndi kwao, akugona ndi kudya pakhomo pa makolo ake, ndipo akakhwima apite ku yunivesite. M'chaka cha 1947 bungwe limene Pulezidenti Harry Truman adakhazikitsa lidalangiza kuti makoleji otere achuluke m'dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo dzina lakuti community college lidafala. Lero alipo pafupifupi 1,000, ndipo chigawo cha California chokha chili nao 116.

Zimene zimakopa anthu ku makoleji ameneŵa nziŵiri. Choyamba, ambiri mwa iwo amalandira munthu aliyense amene adatsiriza sekondale, ngakhale wachikulire amene adasiya sukulu kalekale. Chachiŵiri ndi mtengo. Bungwe la College Board lidapeza kuti m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025, mwana wa m'dera momwemo ankalipira fizi ya madola 4,050 pa chaka pa koleji ya zaka ziŵiri, pamene pa yunivesite ya boma ya m'chigawo chake ankalipira madola 11,610, ndipo pa yunivesite imene si ya boma madola 43,350. Ziŵerengero zimenezi nzapakatikati, ndipo mlendo wochokera kunja amalipira zoposerapo.

Wina asayese kuti kuyambira pa koleji yotere nchinthu chochititsa manyazi. Mai Eileen Collins adayambira pa Corning Community College, nakatsiriza ku Syracuse University m'chaka cha 1978, ndipo m'chaka cha 1999 adakhala mkazi woyamba kutsogolera ulendo wa chombo cha mumlengalenga cha space shuttle.

Kodi kirediti nchiyani?

Kuno kwathu mwana wa Sitandade 5 akachoka ku Dedza kupita ku Kasungu, amangotenga kalata kwa mphunzitsi wamkulu, nakapitiriza Sitandade 5 yomweyo, pakuti silabasi ya dziko lonse ndi imodzi. Ku America sizitero ai. Kulibe silabasi imodzi ya mayunivesite onse, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi mphamvu yogamula maphunziro amene ilandire ndi amene ikane.

Maphunziro kumeneko amaŵerengedwa ndi muyeso wotchedwa kirediti. Kirediti imodzi imaimira ola limodzi la m'kalasi pa mlungu, kwa milungu pafupifupi 15, pamodzi ndi maola aŵiri oŵerenga payekha pa ola lililonse la m'kalasi. Kosi imodzi kaŵirikaŵiri imakhala ya makirediti 3. Digiri yaing'ono ya zaka ziŵiri, imene amaitcha associate degree, imafuna makirediti pafupifupi 60, ndipo digiri ya bachelor imafuna pafupifupi 120. Wofuna kutsiriza m'zaka zinai ayenera kutenga makirediti 15 pa semesita iliyonse. Wotenga 12 amaŵerengedwa kuti akuphunzira mokwanira, koma pa liŵiro limenelo digiri idzamtengera zaka zisanu.

Makirediti 120 amenewo saunjikidwa chiunjikeunjike. Digiri imakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi maphunziro amene wophunzira aliyense ayenera kutenga, monga kulemba Chingerezi, masamu, sayansi ndi mbiri. Fuwa lachiŵiri ndi makosi a phunziro lalikulu limene mwana wasankha, limene amalitcha major, kaya ndi za unamwino, za uinjiniya kapena za chuma. Fuwa lachitatu ndi makosi osankha mwaufulu okwaniritsira chiŵerengero. Limodzi likapereŵera, mphika sukhala, ngakhale makirediti onse pamodzi atapitirira 120.

Pamene makirediti amatayikira

M'chaka cha 2017 ofesi ya boma la America yofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma, Government Accountability Office, idaunika ophunzira amene adasamuka koleji pakati pa 2004 ndi 2009. Idapeza kuti wophunzira wosamuka ankataya makirediti pafupifupi 43 pa 100 alionse amene adaŵapeza kale. Osamuka pakati pa masukulu a boma okhaokha ankataya 37 pa 100, koma ochokera ku makoleji ochita malonda kupita ku masukulu a boma ankataya 94 pa 100, ndiye kuti pafupifupi zonse.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Chachikulu ndi kuvomerezeka kwa koleji. Ku America makoleji amayenderedwa ndi mabungwe oima paokha, monga Higher Learning Commission ndi Middle States Commission on Higher Education, ndipo yunivesite kaŵirikaŵiri imakana makirediti ochokera ku koleji imene sidavomerezedwe ndi bungwe lodalirika kwa iyo. China ndi magiredi: mayunivesite ambiri salandira kosi imene mwana adapeza giredi yochepera C. Chinanso ndi makosi okonzekeretsa, amene amapatsidwa kwa mwana wofooka pa masamu kapena Chingerezi. Makosi amenewo amadya nthaŵi ndi ndalama, koma saŵerengedwa pa digiri.

Palinso kusiyana pakati pa madigiri a zaka ziŵiri amene maina ao amafanana. Associate of Arts ndi Associate of Science adakonzedwera munthu wopita ku yunivesite. Associate of Applied Science idakonzedwera munthu wofuna kuyamba ntchito msanga, monga yokonza magalimoto kapena yoyala mawaya a magetsi. Digiri imeneyi njabwino pa ntchito yake, koma makosi ake ambiri alibe anzao ku yunivesite, choncho amatsalira pakhomo.

Dzenje lobisika koposa ndi ili: yunivesite ingathe kulandira kosi koma osaiŵerengera pa phunziro lalikulu. Mwana amalandira kalata yonena kuti makirediti ake onse 60 alandiridwa, makolo nakondwera. Pambuyo pake amapeza kuti masamu amene adatenga aikidwa pa fuwa lachitatu lija, ndipo dipatimenti ya uinjiniya ikufuna masamu ena. Popeza makosi a sayansi amatsatana ngati makwerero, kosi imodzi yosoŵa ingathe kuchedwetsa mwana chaka chathunthu.

Mayunivesite amaikanso malire. University of California ndi California State University saŵerengera makirediti opitirira 70 ochokera ku koleji ya zaka ziŵiri. Mayunivesite ambiri amafuna kuti makirediti osachepera 30 munthu aŵapezere pa yunivesite yomweyo asanalandire digiri yao. Kuonjezera apo, masukulu ena amagaŵa chaka m'makota m'malo mwa masemesita, ndipo makirediti 90 a makota amalingana ndi 60 okha a masemesita.

Kosi yobwereza ndi ndalama zolipira kaŵiri. Nzika za America ndi anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika, ngati ali osauka, angathe kulandira thandizo la boma lotchedwa Pell Grant, koma thandizolo limatha pakapita masemesita 12. Mlendo wobwera kudzaphunzira salandira thandizo limeneli, choncho semesita iliyonse yoonjezera imagwera makolo. Nchifukwa chake ambiri amatopera panjira. Akatswiri a Community College Research Center ku Columbia University amati ophunzira pafupifupi 80 pa 100 alionse oyamba pa makoleji ameneŵa amafuna digiri ya bachelor, koma lipoti lao la m'chaka cha 2024 lidaonetsa kuti mmodzi mwa atatu ndiye amasamukira ku yunivesite, ndipo 16 okha pa 100 ndiwo amalandira digiriyo m'zaka 6.

Zimene zigawo zina zachitapo

Maboma a zigawo zina adaona vutoli naika malamulo. Ku Florida pali pangano la m'chaka cha 1971 lakuti munthu amene walandira Associate of Arts pa koleji ya boma apatsidwe malo pa imodzi mwa mayunivesite a boma a chigawocho. Kumenekonso makosi ofanana amakhala ndi nambala imodzi m'masukulu onse a boma, kotero kuti palibe kukangana. Ku Texas maphunziro a fuwa loyamba lija ndi makirediti 42, ndipo woŵatsiriza pa koleji imodzi ya boma amasamuka nao onse pamodzi kupita ku sukulu ina ya boma.

Ku California ntchito ya makoleji ndi mayunivesite idagaŵidwa m'dongosolo la m'chaka cha 1960. M'chaka cha 2010 padadza lamulo lokhazikitsa Associate Degree for Transfer. Wolandira digiri imeneyi, ya makirediti 60, amatsimikiziridwa malo ku California State University, ndipo akapitiriza phunziro lofanana nalo amatsiriza ndi makirediti 60 ena okha. Komabe lonjezolo silinena kuti adzapatsidwa malo pa kampasi imene iye akufuna. Chigawochi chili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa ASSIST, pamene munthu angathe kuona kosi ya koleji yake ndi kosi imene ikulingana nayo ku yunivesite.

Dziŵani kuti malonjezo onseŵa amathera pa malire a chigawo. Mwana akaphunzira ku Texas nasamukira ku Ohio chifukwa kuli malume ake, makosi ake adzaunikidwa imodziimodzi, ndipo mayunivesite amene si a boma samangidwa ndi malamulo amenewo pokhapokha atavomera okha.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Inu achinyamata, sankhani msanga phunziro lanu lalikulu ndi yunivesite imene mukulinga, makamaka m'chaka choyamba. Funsani ngati koleji yanu ili ndi pangano lolembedwa ndi yunivesiteyo, limene amalitcha articulation agreement, ndipo muliŵerenge nokha. Kaonaneni ndi alangizi a mbali zonse ziŵiri, wa ku koleji ndi wa ku yunivesite, pakuti wogamula ndi wolandira. Musangofunsa kuti, "Kodi kosi iyi idzalandiridwa?" Funsani kuti, "Kodi idzaŵerengedwa pa phunziro langa?" Yankho likhale lolembedwa. Sungani silabasi ya kosi iliyonse, chifukwa kosi ikakanidwa mungathe kupempha kuti aiunikenso, ndipo umboni wanu ndi pepala limenelo. Ngati nkotheka, tsirizani digiri ya zaka ziŵiri musanasamuke, pakuti m'zigawo zambiri lamulo limateteza wotsiriza koposa wochoka pakati.

Amene adayamba kale maphunziro pa yunivesite kuno kwathu adziŵe kuti masukulu ambiri a ku America amafuna kuti mapepala ochokera kunja ayambe aunikidwa ndi bungwe monga World Education Services, ndipo ntchito imeneyo njolipira. Wobwera ndi digiri kuchokera kunja nayenso amapita nayo ku National Council for Higher Education, bungwe limene limaunika mapepala a maphunziro akunja m'dziko muno. Digiri ya koleji yosavomerezeka ingathe kukanidwa uko ndi kuno komwe. Za chilolezo choloŵera m'dzikomo, m'chaka cha 2025 boma la America lidakhwimitsa malamulo a visa kwa anthu a ku Malaŵi, choncho banja lisalipire fizi kapena kugulitsa ziŵeto lisanamve kwa ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe za malamulo amene alipo pa nthaŵiyo.

Inu makolo, musaleke pa kutumiza ndalama. Pakutha pa semesita iliyonse mufunseni mwana wanu mafunso atatu: wapeza makirediti angati, mwa amenewo ndi angati amene yunivesite yavomera kuŵerengera pa phunziro lake, ndipo atsala angati kuti akwane 120. Mwana wodziŵa kuyankha mafunso ameneŵa ali pa njira. Amene akuzengereza, mtumeni kwa mlangizi wake mlungu womwewo, semesita ina isanayambe.