KODI VINIGA WA MAAPULO NDI MANKHWALA?

Mbiri ya viniga wa maapulo yafika patali masiku ano. Ena anena kuti aciritsa nthenda ya shuga, ena kuti acepetsa thupi la munthu wonenepa, ndipo ena kuti atsuka mwazi. Popeza alipo odwala amene ayesedwa kusiya mankhwala a ku cipatala ndi kukhulupirira botolo la m'sitolo, nkoyenera kuti nkhani yace imveke bwino.

Viniga si cinthu catsopano iai. Owerenga Buku Lopatulika amdziwa ndi dzina lakuti vinyo wosasa, yemwe Boazi anauza Rute kuti asunsemo cakudya cace pa nyengo yokolola. Ndiponso mai ali yense wofulula adziwa kuti mowa wotsala ukakhalitsa mu mtsuko wosavundikira, usasa kufikira sumwekanso. Viniga apangidwa mwa njira yomweyo. Poyamba afinya maapulo, ndipo yisiti isandutsa shuga wa m'madzi ace kukhala mowa. Pambuyo pace tizirombo tina tosaoneka ndi maso, tochedwa Acetobacter, tisandutsa mowawo kukhala asidi, mothandizidwa ndi mpweya. Amene analongosola nchito ya tizirombo timeneti ndi Louis Pasteur wa ku France, m'caka ca 1864. Pa magawo 100 a viniga, magawo ngati 5 ndiwo asidi, ndipo otsalawo pafupifupi onse ndi madzi cabe. Mavitamini ali m'menemo ndi ocepa ndithu.

Nanga kuchuka kwace kunayamba bwanji? M'caka ca 1958 dotolo wa ku Vermont m'dziko la America, dzina lace D. C. Jarvis, anasindikiza buku lochedwa Folk Medicine, m'mene anatama viniga wa maapulo wosanganiza ndi uci kuti athandiza pa nthenda zambiri. Bukulo linagulidwa kwambiri, koma mau ace anacokera pa miyambo ya alimi a kwao ndi pa zimene iye mwini anaona, osati pa kuyesa kolongosoka.

Kuyesako kunabwera pambuyo. Mu 2004 Carol Johnston ndi anzace a pa Arizona State University anamwetsa anthu osakwana 30 viniga wothira madzi asanadye buledi. Anapeza kuti shuga wa m'mwazi sanakwere msanga monga akwerera nthawi zonse, makamaka mwa iwo amene nthenda ya shuga inali pafupi kuwagwira. Cifukwa cimodzi ncakuti asidi acedwetsa cakudya kucoka m'mimba. Phindu limeneli liripo ndithu, koma ndi laling'ono, ndipo likhudza cakudya cimodzi cokha. Nthenda yeni-yeniyo itsalabe m'thupi.

Za kucepetsa thupi zinayesedwa ku Japan, ndipo zotsatira zace zinalengezedwa mu 2009. Anthu onenepa oposa 150 anagawidwa m'magulu atatu. Awo amene anamwa supuni yaikuru imodzi kapena ziwiri tsiku liri lonse kwa masabata 12 anapepuka ndi kilo imodzi kapena ziwiri cabe, ndipo atasiya kumwa, thupi linabwerera pakale patapita masabata anai. Kuyenera kukumbukikanso kuti oyesawo anali anchito a kampani yopanga viniga.

Zoopsa zace nazonso ziripo. Asidi adya khungu lolimba loyera la pa mano, ndipo khungu limeneli likatha silimeranso. Viniga wosathira madzi aocha kukhosi, ndipo womangidwa ndi nsaru pa njerewere kapena pa cironda aocha khungu ngati moto. Mu 1998 madotolo a ku Austria analemba za mkazi wa zaka 28 amene anamwa viniga wa maapulo wodzaza kapu tsiku ndi tsiku kwa zaka 6. Pofika m'cipatala, mcere wa m'mwazi wochedwa potassium unali utacepa koopsa, ndipo mafupa ace anali atafooka monga a nkhalamba.

Pali nchito imodzi imene viniga agwira bwino m'zipatala za m'Zambia. Kuyambira mu 2006, ku Lusaka ndipo pambuyo pace m'zigawo zina, anamwino apaka viniga pa khomo la cibelekero pofuna-funa zizindikiro zoyamba za khansa. Malo odwala ayera mbuu patapita mphindi zocepa, ndipo mai athandizidwa nthenda isanakule. Koma apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzizindikira. Viniga wace ndi woyera wamba, wa mtengo wocepa, pakuti mphamvu iri mu asidi, si m'maapulo iai. Ndiponso viniga angoonetsa pamene pali nthenda. Wociritsa ndi namwino ndi zipangizo zace. Imeneyi si nchito yoti munthu aziyesera yekha kunyumba.

Tsono munthu wofuna viniga acite ciani? Amthire pa kabichi, anyezi ndi matimati, kapena asungiremo ndiwo zamasamba kuti zisaole msanga. Ngati afuna kumwa, asapitirire supuni zazikuru ziwiri pa tsiku, azithire m'kapu yodzaza madzi, amwe pamodzi ndi cakudya, natsuke m'kamwa ndi madzi akatha. Ana asapatsidwe kuti amwe. Wodwala zironda za m'mimba amleke. Wobaya insulin, kapena womwa mapiritsi a shuga kapena okodzetsa, ayambe wafunsa dotolo, pakuti viniga pamodzi ndi mankhwalawo angatsitse shuga kapena potassium mopitirira muyeso.

Koposa zonse, wodwala shuga asasiye mankhwala ace cifukwa ca viniga. Nthenda imeneyi siwawa poyamba. Iononga maso, impso ndi mapazi mwakacetecete, mwini wace ali kuyesa kuti wacira. Comuteteza ndico kucepetsa nsima ndi zotsekemera, kugwiritsa thupi nchito, kumwa mankhwala pa nthawi yace, ndi kupita ku cipatala kukapimitsa mwazi pa tsiku limene anamuuza.