Dzira la nkhuku limaphunzitsa dotolo

Thadzi likafungatira mazira, pakatha masiku 21 anapiye amaswa. Izi aliyense woweta nkhuku amazidziwa. Koma ndi angati akudziwa kuti dzira lomwelo lathandiza akatswiri kumvetsa momwe munthu amaumbikira m'mimba mwa mayi ake?

Nkhuku, nsomba, ng'ombe ndi munthu, zonsezi zili ndi fupa la msana, ndipo m'masiku oyambirira zimaumbika mofanana kwambiri. Nchifukwa chake ophunzira phunziro la embryology amaona mwanapiye pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Pofika tsiku lachitatu, kamtima kake kamakhala kakugunda kale.

Kuno kwathu maphunziro a udotolo adayamba mu 1991 pomwe College of Medicine idatsegulidwa mumzinda wa Blantyre. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences.

Wophunzira asanagwire wodwala, amayenera kulidziwa thupi kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Phunziroli ndi anatomy, ndipo si la anthu aulesi. Mafupa 206 a munthu wamkulu, lililonse lili ndi dzina lake, ambiri mwa mainawo m'Chilatini. Pakhosi pokha pali mafupa 7, chimodzimodzi ndi nyamalikiti ngakhale khosi lake ndi lalitali chotere.

Chimene chimaumitsa ena thupi ndi tsiku loyamba kuona mtembo wophunzirira, woumikidwa ndi mankhwala a formalin. Kwa mwana wokulira pamudzi pomwe maliro amaopedwa, si chapafupi. Komatu chithunzi cha m'buku sichingamuonetse bwino pomwe mtsempha wadutsa, ndipo dotolo wosadziwa zimenezi mpeni wake ndi woopsa. Ntchitoyi siichitika mwachisawawa, imatsata lamulo la Anatomy Act.

Phunziro la kaumbidwe ka mwana ndilo limafika m'nyumba mwenimweni. Mtima wa mwana umayamba kugunda pafupifupi tsiku la 22, pomwe kanjira kamene kamadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana kamatsekeka pofika tsiku la 28. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera.

Kanjirako kakapanda kutsekeka bwino kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, vuto lotchedwa spina bifida, ndipo ena miyendo siigwira ntchito. Pamudzi mpomwe zala zimayamba kulozana, mwina agogo osalakwa n'kutchedwa mfiti. Chonsecho ofufuza adapeza kuti michere ya folic acid imachepetsa kwambiri vutoli ngati mayi ayamba kumwa asanaime. Micherewu imapezekanso mu nyemba ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe.