Resveratrol: mbiri ya vinyo wa ku France m'kabotolo ka makapisozi

Resveratrol ndi mankhwala achilengedwe opezeka m'makoko a mphesa, mu mtedza ndi m'zomera zina. Masiku ano amagulitsidwa m'makapisozi omwe otsatsa malonda amati amateteza mtima ndi kuchedwetsa ukalamba. Mbiri imeneyi inachokera ku minda ya mphesa ya ku France.

Mu November 1991, pologalamu ya pa kanema ya 60 Minutes ku America inaonetsa wasayansi Serge Renaud akufotokoza chodabwitsa china: anthu a ku France amadya kwambiri batala, tchizi ndi nyama yonona, koma omwalira ndi matenda a mtima anali ochepa poyerekeza ndi ku America. Iye analoza chala vinyo wofiira, yemwe ku France ankamwedwa pa chakudya monga mwambo wa tsiku ndi tsiku. Malonda a vinyoyu ku America anakwera nthawi yomweyo, ndipo ofufuza anayamba kusaka chomwe chili m'kati mwake.

Chomwe chimasiyanitsa vinyo wofiira ndi woyera ndi kafululidwe. Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu uli m'makoko. Kumadera monga Bordeaux ndi Burgundy, mphesa zikakololedwa cha mu September amazitswanya n'kuzisiya ziwire pamodzi ndi makoko ake kwa sabata kapena kupitirira. Mpweya wa kuwirako umakankhira makoko pamwamba, n'kusanduka chikhakha chokhuthala. Opanga vinyo amachimizanso ndi ndodo, kapena kupopa madzi apansi n'kuwathira pamwamba pake, kangapo patsiku. Mowa ukamachuluka umasungunula mtundu, kuwawira ndi resveratrol. Vinyo woyera amafinyidwa makoko asanawire, n'chifukwa chake ali ndi wochepa kwambiri. Ndipo mpesa supanga resveratrol kuti uthandize munthu: umapanga podziteteza ku chuku chomwe chimaoletsa zipatso m'nyengo ya chinyezi.

Mu 2006 gulu la David Sinclair wa ku Harvard linalengeza kuti mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri zinakhala nthawi yotalikirapo zitapatsidwa resveratrol. Kampani ya GlaxoSmithKline inagula kampani ya Sinclair yotchedwa Sirtris mu 2008 pa madola 720 miliyoni. Pofika 2010 kafukufuku wa mankhwalawa pa odwala khansa ya m'mafupa anali ataimitsidwa, ena mwa odwalawo atavutika impso, ndipo mu 2013 ofesi za Sirtris zinatsekedwa. Zimenezi otsatsa makapisozi sazitchula.

Sanenanso kuti tambula ya vinyo wofiira kawirikawiri siposa mamiligalamu awiri a resveratrol, moti kuti munthu afike pa mlingo wa mbewa zija ayenera kumwa matambula mazanamazana patsiku. Komanso resveratrol akamezedwa, matumbo ndi chiwindi zimamusintha mwachangu, ndipo wotsala m'magazi osasinthika ndi wochepetsetsa. Ngakhale chithunzi cha mphesa pa botolo chimasocheretsa, poti makapisozi ambiri amapangidwa ndi mizu ya chomera cha ku Asia chotchedwa Japanese knotweed.

Umboni wa pa anthu unachokera kwawo kwa vinyo. M'dera la Chianti ku Italy, ofufuza anayeza mkodzo wa okalamba 783 n'kuwatsatira zaka 9. Zotsatira za mu 2014 zinaonetsa kuti omwe anali ndi resveratrol wambiri sanasiyane ndi anzawo pa matenda a mtima, khansa kapena imfa. Chodabwitsa cha ku France chija nachonso chinatsutsidwa, ena ataonetsa kuti imfa zina za matenda a mtima kumeneko zinkalembedwa ndi maina ena. Mu January 2023 bungwe la WHO linanenetsa kuti palibe mlingo wa mowa umene uli wosaopsa pa thanzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mphekesera ya otsatsa makapisozi imafikira odwala enieni, omwe ena amachepetsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi podalira kapisozi woti "wachilengedwe". Ku America, lamulo la mu 1994 limalola zinthu zotere kugulitsidwa popanda umboni woti zimachiza. Mlingo waukulu wa resveratrol umatsegula m'mimba, ndipo ungathe kuwonjezera kutaya magazi mwa omwe amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Wodwala wotere ayenera kuonetsa dokotala botololo asanameze kapisozi woyamba.